Galimoto Ikakana Kulira, Yezani Musanagule Sitata

Pali mawu awiri amene amatuluka msanga pakamwa pa anthu galimoto ikangokana kulira: "Ndi batire," kapena "Ndi sitata." Amanenedwa boneti isanatsegulidwe n'komwe, kawirikawiri ndi munthu amene wangoima pafupi. Mwini galimoto amakhulupirira, n'kuthamangira kukagula chipangizo cha ndalama zambiri, pobwera n'kupeza galimoto ija idakali chete. Maganizo anga ndi oti chizolowezi chimenechi tichileke. Chipangizo chilichonse chiyambe chayezedwa n'kupezeka cholakwa tisanagule china, ndipo kuyeza koyambirira aliyense wa ife angakuthe, ngakhale amene sanagwirepo sipanala.

Wina afunsa kuti nkhani ya galimoto ikufuna chiyani m'magazini ya ophunzira, poti ambirife timayenda pa minibasi ndi pa kabaza. Zaka zathu pano n'zowerengeka. Posachedwa ena tikhala aphunzitsi, ena anamwino, ena owerengera ndalama, ndipo galimoto yoyamba imene tidzagule sidzakhala yatsopano. Idzakhala Corolla, Vitz, Sienta kapena Tiida imene inatopa kale m'misewu ya ku Japan, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ku Japan galimoto imakayendera boma ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyenderako n'kodula moti ambiri amagulitsa galimoto zawo zikayamba kukula. Nawonso amayenda kumanzere ngati ife, choncho galimotozo zimatiyenera. Zambiri mwa izo n'za otomatiki. Amene adzatumizidwe kusukulu yakutali ndi tauni adzakhala ndi galimoto yotere pamalo pamene makaniko wodziwa zamagetsi ali mtunda wa tsiku lonse.

Walira mvula walira matope

Timakonda otomatiki chifukwa siivuta kuyendetsa. Koma inatilanda njira imene makolo athu ankadalira. Galimoto ya manual ikakana, anyamata anayi amaikankha, dalaivala n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya klachi, injini n'kudzuka. Pa otomatiki zimenezi sizitheka. Pakati pa injini ndi magiya pali torque converter imene imagwira ntchito ndi oyilo, ndipo pampu yokankha oyiloyo imazunguzidwa ndi injini. Injini ikakhala chete, oyilo sayenda ndi mphamvu, magiya sagwira, ndipo matayala sangatembenuze injini ngakhale muikankhire kumtsetse. Mungotopetsa anthu, komanso kuika moyo pachiswe, chifukwa injini ikazima mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera.

Kuikoka ndi chingwe mtunda wautali nakonso kumawononga, pa chifukwa chomwecho: zitsulo zam'kati mwa giyabokosi zimazungulira popanda oyilo wokwanira. Buku la galimoto limanena malire ake, koma ambiri mwa mabukuwa amabwera olembedwa m'Chijapanizi. Njira yabwino n'kuinyamula kapena kukweza matayala amene amakoka. Choncho mwini otomatiki alibe pothawira. Ayenera kupeza vuto pomwe galimoto yaimapo, ndipo n'chifukwa chake kudziwa kufufuza kuli kofunika kwa iye kuposa kwa wina aliyense.

Madandaulo awiri osiyana

Mawu oti "yakana kulira" amabisa matenda awiri. Oyamba ndi pamene mwapotoza kiyi, injini ikutembenuka bwinobwino, ikumveka kuti gwe-gwe-gwe, koma siikugwira moto. Pamenepo batire ndi sitata zagwira ntchito yake, ndipo vuto lili ku mafuta, ku mapulagi kapena ku masensa. Achiwiri ndi pamene injini siikutembenuka n'komwe. Nkhani yanga ili pa achiwiriwa. Amene wasiyanitsa ziwirizi wachotsa kale theka la zinthu zokayikiridwa, ndipo sangalole wina kumugulitsa pampu ya mafuta pa galimoto imene injini yake siikusuntha.

Kuti injini itembenuke, magetsi amayenda njira ziwiri. Yoyamba ndi yaikulu: waya wonenepa wochoka pa batire kupita ku sitata, ndi wina wochoka pa batire kukagwira thupi la galimoto ndi injini, amene amakaniko amati earth. Yachiwiri ndi yaing'ono, yonyamula uthenga. Imachoka pa batire, kudutsa pa fyuzi, pa swichi ya kiyi, pa swichi ya pa giyabokosi imene imalola galimoto kulira pokhapokha giya ili pa P kapena pa N, pa relay, n'kukafika pa solenoid imene yakhala pamsana pa sitata. Uthenga ukafika, solenoid imakankha kagiya ka sitata kuti kalume mano a gudumu la injini, n'kulumikiza magetsi aakulu aja. Tawerengani malo amene njirayi ingadukire. Sitata ndi amodzi chabe mwa malo ambiriwo, ndipo ndi amodzi mwa odula kwambiri. N'chifukwa chiyani tiyambire pamenepo?

Mvetserani kaye

Chida choyamba ndi khutu. Zimitsani wailesi, tsitsani galasi, potozani kiyi, mumvetsere.

Mukamva kaphokoso kofulumira koti ka-ka-ka-ka, magetsi akuchepa. Solenoid ikugwira, sitata ikangoyamba kukoka magetsi mphamvu ikugwa, solenoid n'kutaya, mphamvu n'kubwerera, n'kugwiranso, mobwerezabwereza. Kayikirani batire lofooka kapena mitu yake yakuda ndi yokhwepa.

Mukamva kamodzi kokha mwamphamvu kuti khwa, kenako zii, uthenga wafika ndipo solenoid yasuntha, koma mota siikuzungulira. Apa muyang'ane waya wamkulu, earth, zam'kati mwa sitata, kapena injini yeniyeniyo.

Mukapanda kumva kanthu, uthenga waduka panjira. Sitata ingakhale yabwinobwino, ikungodikira kuitanidwa.

Mukamva sitata ikuzungulira mopepuka ngati fani koma injini osasuntha, kagiya kake sikakuluma, kapena mano atha.

Chida chachiwiri ndi nyali zakutsogolo. Ziyatseni, wina aime kumbali aziziona, inu mupotoze kiyi. Zikafooka kwambiri kapena kuzima, batire kapena polumikizira pake palephera katundu, kapena sitata ikulimbana ndi chinthu cholemera. Zikapitiriza kuwala chimodzimodzi, sitata siikukoka magetsi, ndipo muyambe kulondola njira ya uthenga ija.

Batire lingathe kukunamizani

Anthu ambiri amati, "Batire lili bwino, taonani nyali za pa dashibodi zikuyaka, wailesi ikuimba." Umboni umenewu ndi wopanda mphamvu. Nyali ziwiri zakutsogolo za mawati 55 iliyonse zimakoka pafupifupi ma amp 9 kapena 10 pamodzi. Sitata, ngakhale ya injini yaing'ono, imakoka ma amp opitirira 100. Munthu amene wanyamula kapu ya madzi sitinganene kuti anyamulanso thumba la chimanga.

Chonena zoona ndi multimeter, kachipangizo kamene mtengo wake sufika pa wa batire latsopano. Batire la galimoto lili ndi zipinda 6, chilichonse cha ma volt pafupifupi 2.1. Lodzaza bwino, galimoto itazima kwa kanthawi, limaonetsa 12.6. Likaonetsa 12.2 lili cha pakati. Likatsika pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Koma muyeso wofunika kwambiri ndi wa pamene kiyi wapotozedwa: lisatsike pa 9.6. Batire lokalamba lingathe kuonetsa 12.5 lili phee, n'kugwera pa 6 likangopatsidwa ntchito. M'madera otentha ngati ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, mabatire amakalamba msanga, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi ake ndi kudya zam'kati.

Musanaweruze batire, onani mitu yake. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatchinga magetsi. Gwedezani cholumikizira ndi dzanja. Chikasuntha, ndiye kuti n'chokhwepa. Masulani, kuyambira mbali ya minus, tsukani ndi madzi osakaniza soda, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, minus pomaliza. Misewu yathu ya mabampu imakhwefula zinthu zimenezi pang'onopang'ono. Londolaninso waya wa earth mpaka pomwe wamangidwa pa thupi la galimoto ndi pa injini. Pali kayezedwe kosavuta: tengani nthambo imodzi ya jampa, mulumikize minus ya batire ndi chitsulo choyera cha injini. Galimoto ikalira, vuto ndi earth, ndipo mankhwala ake ndi kupala dzimbiri kapena kusintha waya mmodzi.

Batire likapezeka kuti latha, funso lina likutsala: walimaliza ndani? Galimoto ikalira, yezaninso. Muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Mukaona 12 yomweyo, alternator siikutchaja kapena lamba wake watha. Amene wagula batire latsopano osafunsa funsoli amadzaimanso panjira patatha masiku ochepa, n'kumanena kuti anam'gulitsa batire lachinyengo.

Kayezedwe kaulere kamene ambiri amaiwala

Nachi chinthu chimene ndikufuna aliyense atenge pankhaniyi. Galimoto ya otomatiki ikakhala chete pa P, pondani buleki, kokani handibuleki, ikani giya pa N, yesaninso. Ikakana, bwezerani pa P mwamphamvu pang'ono, mugwedeze ndodo ya giya kwinaku mukupotoza kiyi. Ikalira, mwapeza wolakwa popanda kutulutsa tambala.

Swichi ya P ndi N ija imakhala pambali pa giyabokosi, pomwe pamagwira chingwe chochokera ku ndodo ya giya. Imakumana ndi fumbi, matope ndi madzi a mvula kwa zaka zambiri. M'kati mwake mumada, kapena imasuntha pamalo pake, kapena timphira ta chingwe cha giya timatha, moti ndodo imaonetsa P pomwe giyabokosi sinafike bwinobwino pa P. Galimoto imaganiza kuti ili m'giya, ndipo imakana kulira kuti isadumphe n'kugunda munthu. Pa galimoto zambiri swichi yomweyo ndi imene imayatsa nyali za rivesi ndi chilembo cha giya pa dashibodi. Chilembocho chikasowa kapena nyali za rivesi zikamayaka mwa apo ndi apo, chala chiloze pamenepo.

Ikakanabe pa N, tsegulani bokosi la mafyuzi. Pa chivundikiro pali chithunzi cha malo a chilichonse. Pa Toyota zambiri relay ya sitata inalembedwa ST. Ikani chala pamwamba pake, wina apotoze kiyi. Yamoyo imagunda pang'ono. Ngati m'bokosimo muli relay ina ya nambala yofanana ndendende, sinthanitsani muyese. Fyuzi yakupsa ilowedwe m'malo ndi ya nambala yomweyo. Kuikapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ndi kuitana moto. Kumbukiraninso ma alamu amene anaikidwa galimoto itafika kale kuno. Ambiri amadula waya wa uthenga wa sitata n'kuudutsitsa m'kabokosi kawo pansi pa chiwongolero, nthawi zina mawaya ongopotana ndi kukulunga tepi. Kabokosiko kakafa, galimoto imakhala chete ngakhale zina zonse zili bwino.

Nthawi yoweruza sitata

Sindikunena kuti sitata siifa. Imafa ndithu. Ndikunena kuti iweruzidwe ndi umboni, ndipo umboniwo ndi utatu: magetsi akufika mokwanira pa waya wamkulu, earth ili bwino, ndipo pa kawaya kakang'ono ka solenoid pakufika ma volt 12 kiyi akapotozedwa. Zitatuzi zikakwanira koma sitata osazungulira, ndiye yalakwadi. Makaniko wabwino amayezanso magetsi amene akutayika m'waya wamkulu pa nthawi yoliza. Akapitirira theka la volt, wolakwa ndi wayayo.

Ngakhale pamenepo, sikuti mugule sitata yonse. Masitata a Denso, amene ali m'galimoto zambiri za Toyota, amadziwika ndi vuto limodzi akakalamba: tizitsulo tiwiri ta kopa m'kati mwa solenoid timadyeka. Chizindikiro chake ndi kugunda kamodzi kuja, galimoto n'kudzalira pa ulendo wachitatu kapena wachisanu. Tizitsuloto timasinthika patokha. Mabulashi a mota nawonso amasinthika. Sitata ya kaunjika imene mungagule mwina ili ndi zaka zofanana ndi yanuyo, ndiponso nthenda yomweyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kugogoda sitata ndi chitsulo, n'zoona kuti nthawi zina imadzuka, chifukwa mabulashi otha amakhudzanso. Kumeneko ndi kupeza nthenda, ndipo kungakufikitseni ku galaja tsiku limenelo. Gogodani pang'ono, chifukwa masitata ambiri ali ndi maginito amene amasweka. Musapotozenso kiyi kupitirira masekondi 10 kapena 15 pa ulendo umodzi. Sitata imatentha msanga.

Pali chinanso choopsa chimene chimabisala kuseri kwa kugunda kamodzi: injini yogwirana. Onani oyilo. Makaniko ayese kutembenuza injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ndipo m'nyengo ya mvula, galimoto ikazima muli pakati pa madzi akuya, musayese kuiliza. Madzi akalowa m'masilinda sapanikizika ngati mpweya, ndipo mphamvu ya sitata ingathe kupinda zitsulo zam'kati. Mapulagi ayambe achotsedwa, madzi atuluke.

Njira zachidule zimene zimavulaza

Pamalo pamene galimoto yafa sipasowa katswiri wa sikuludiraiva, amene amalumikiza mitu ya solenoid mwachindunji. Njirayi imalambalala swichi ya P ndi N ija. Ngati giyabokosi ili m'giya, galimoto imanyamuka munthu ali kutsogolo kwake kapena pansi pake. Ena akapeza kuti swichiyo yafa amangoilumikiza mpaka kalekale, galimoto n'kumalira pa D kapena pa R. Pakhomo pamene pali ana, kapena pabwalo la sukulu, kumeneko ndi kutchera msampha. Swichi ikonzedwe kapena isinthidwe.

Pobwereka moto kwa galimoto ina, tsatani dongosolo: nthambo yofiira pa plus ya batire lakufa, mbali inayo pa plus ya lamoyo, yakuda pa minus ya lamoyo, ndipo mbali yotsala pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufa, patali ndi batire. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kakang'ono. Kusemphanitsa plus ndi minus kumawotcha mafyuzi, alternator, ngakhale kompyuta ya galimoto. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ikani mwala kutayala, ndipo musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeki.

Nanga si ntchito ya amakaniko?

Ena anena kuti zonsezi n'kulanda ntchito ya eni ake, ndipo munthu wodziwa pang'ono amawononga zambiri. Mfundoyi ili ndi choonadi. Kumasula sitata, kulondola mawaya a pansi pa dashibodi ndi kukonza giyabokosi n'za amene anaphunzira, kaya kusukulu ya ntchito zamanja kaya pansi pa mtengo kwa zaka zambiri. Galimoto za hybrid monga Prius ndi Aqua n'zinanso: zilibe sitata ya mtundu umenewu, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi oti angaphe munthu.

Koma zimene ndatchula m'mwambamu, kumvetsera, kuyatsa nyali, kugwedeza mitu ya batire, kuyesa pa N, kuwerenga nambala pa multimeter, siziwononga kanthu. Zimathandiza makaniko yemweyo. Taganizani kusiyana kwa kuimba foni n'kunena kuti "Galimoto yafa," ndi kunena kuti "Bambo, injini siikutembenuka, palibe phokoso lililonse, nyali sizikufooka, batire likuonetsa 12.5, pa N yakananso." Wachiwiriyu makaniko amadziwa zida zoti anyamule asananyamuke. Amakaniko ambiri ndi anthu oona mtima amene amagwira ntchito ndi zida zochepa, makasitomala akuwafulumizitsa. Nthawi zambiri ndi ife eni galimoto amene timafuna yankho m'mphindi imodzi, ndipo wofulumizitsidwa amalosera. Choncho funsani mwaulemu: "Mwayeza chiyani, ndipo mwapeza chiyani?" Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli, amakuonetsani. Safunsa anadya phula.

Ena amati nthawi ndi ndalama, bola kungosintha zonse. Kuyeza konseku sikutha theka la ola. Ulendo wokagula chipangizo cholakwika ku Limbe kapena ku Biwi umatha tsiku, ndipo zamagetsi zikagulidwa sizikonda kubwezedwa.

Ife a maphunziro a uphunzitsi mfundoyi tiyenera kuimva msanga kuposa onse. Timaphunzitsidwa kuti mwana akalephera masamu ogawa, tisathamangire kunena kuti ndi waulesi. Tibwerere m'mbuyo sitepe ndi sitepe mpaka tipeze pomwe njira inaduka: mwina ndi kuchulukitsa, mwina ndi kuchotsera, mwina saona bwino pa bolodi. Kunena kuti "ndi sitata" boneti isanatsegulidwe n'chimodzimodzi kunena kuti "ndi mbuli" kope lisanatsegulidwe. Ngati sitilola zimenezi m'kalasi, tisazilolenso pa ndalama zathu.

Pempho langa likupita ku bungwe la ophunzira. Pakati pathu pali madalaivala ndi ena odziwa za galimoto amene angatiphunzitse. Tipemphe masana amodzi pa semesita, galimoto imodzi yakale ndi multimeter imodzi, aliyense agwire ndi manja ake, asungwana ndi anyamata mofanana. Ndipo amene muli kale ndi galimoto kwanu, ikani m'buti sipanala ya 10, nthambo za jampa, mafyuzi angapo ndi tochi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene idzakane, mudzayambe ndi khutu, kenako batire ndi mitu yake, kenako giya pa N, kenako fyuzi ndi relay. Chikwama cha ndalama chidzatsegulidwe pomaliza.